Mazira onse asathere pa msika

Ife alimi a kuno ku Lundazi timaweta nkhuku, koma ana athu ambiri amatha mwezi osalawa dzira. Mazira timagulitsa kuti tigule sopo ndi mcere. M'midzi ina mai wapakati amaletsedwanso dzira, ati mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Abale, apa tikudzimana tokha.

Mu cikasu ca dzira muli colimbitsa thupi cochedwa kolini. Cimathandiza ubongo wa mwana kukula kuyambira ali m'mimba, ndiponso cimathandiza ciwindi kugwira bwino nchito. Thupi limapanga kolini wocepa cabe, wotsalayo ayenera kucokera m'zakudya. Mu 1998 bungwe la Institute of Medicine ku America linaika muyezo wa mamiligiramu 450 patsiku kwa mai wapakati, ndi 550 kwa woyamwitsa. Dzira limodzi lalikulu lili ndi pafupifupi 147.

Kafukufuku wa boma wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira. Lundazi inali pakati pa maboma 14 oyamba kulandira pulogalamu ya masiku 1,000 oyambirira a mwana, koma pulogalamu siphika m'khichini mwathu.

Masiku ano kolini amagulitsidwanso ngati mapilisi a m'botolo. Ife tikuti ndalama ya mbeu isathere kumeneko. Mapilisi amene mai wapakati asalekeze ndi aja oonjezera magazi amene amalandira ku cipatala.

Komabe dzira lokha silikwana. Ku Mangochi m'Malawi, pa kafukufuku wa ana 660 mu 2018 ndi 2019, amene ankadya dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi umodzi sanatalike kuposa anzao. Mwana afunika zakudya zakasinthasintha: soya, nyemba, nshawa, nsomba ndi ciwindi, zimenenso zili ndi kolini. Soya ndi nshawa timalima tokha, nanga tigulitsiranji thumba lomaliza?

Tiyeni titemere nkhuku zathu katemera wa citopa kuti mazira aculuke. Pa mazira amene taola, oyamba apite kwa mai wapakati, woyamwitsa ndi mwana woposa miyezi isanu ndi umodzi, ataphikidwa bwino. Tipempha mafumu, alangizi ndi atsogoleri a miphakati kuti akambe poyera za mwambo woletsa dzira. Otsala ndiwo apite ku msika.