MANDRAX: WOSUTA KU CIPATALA, WOGULITSA KU KHOTI

Abale ndi alongo a m'midzi ya m'malire, a ku Zóbuè, Tsangano, Angónia mpaka ku Mandimba: ana athu ambiri amapita ku Joni kukafuna nchito. Ambiri amabwerako ndi malata ndi njinga. Koma ena amabwerako atagwidwa ndi mandrax, ndipo ife timawamanga ndi cingwe, timawakwapula, kapena timati alodzedwa. Zimenezi tizileke. Mwana wotere ndi wodwala.

MANDRAX NDI CIYANI?

Ndi mapiritsi ogonetsa. Mankhwala amene ali m'kati mwake amachedwa methaqualone. Anapangidwa koyamba ku India mu 1951, ndipo kwa zaka zambiri madokotala ankawapereka kwa anthu osowa tulo. Kenaka acinyamata a ku Ulaya ndi ku America anayamba kuwamwa m'nyumba zovinira usiku kuti aledzere. Anthu atayamba kufa nawo, maiko anawaletsa. America inawaletseratu mu 1984.

Lero msika wake waukulu uli ku South Africa. Kumeneko amaphwanya piritsi, n'kulisakaniza ndi camba, n'kusutira pa khosi la botolo losweka. Dziko lathu nalonso linakhudzidwa: mu 1995 apolisi anapeza fakitale yopanga mandrax ku Matola, pafupi ndi Maputo.

AMAPHA BWANJI?

Mandrax amagonetsa ubongo. Wosuta amafooka, amatuluka dovu, amagwa pansi osadziwa kanthu. Akasuta wambiri, mpweya umayamba kucepa mpaka kulekeratu. Akawonjezerapo kacasu kapena mapiritsi ena ogonetsa monga diazepam, ngozi imakula kwambiri, cifukwa zonsezi zimakankhira mbali imodzi. Wina amafa atatsamwa ndi masanzi ake ali m'tulo.

Mukapeza munthu wakomoka cotere, musamugoneke cagada. Mugonekeni cam'mbali kuti masanzi atuluke. Musamumwetse madzi, mkaka kapena phala. Musamusiye yekha kuti "zimuthere". Thamangani naye ku cipatala ndipo muwauze anamwino zoona za cimene wasuta.

ENA AMATI: ANGOFUNIKA CIKWAPU

Ili ndi bodza loopsa. Thupi likazolowera mankhwala ogonetsa, sililola kuwasiya tsiku limodzi. Munthu amasowa tulo, amanjenjemera, amatuluka thukuta, amaona zinthu zimene palibe, ndipo angathe kugwa ngati wakhunyu mpaka kufa. Conco amene amatsekera mwana m'nyumba masiku atatu kuti "aphunzire" akuika moyo wake paciswe.

Enanso amati ndi ufiti. Funsani: mfitiyo ndani, ngati si amene analandira ndalama n'kupereka piritsi? Mapemphero amalimbitsa mtima wa wodwala ndi abale ake, koma mwana wonjenjemera afunika kuonedwanso ndi a zaumoyo.

Ndipo alipo amene amabisa poopa manyazi, kuti mudzi ungaseke. Kubisa kumathandiza wogulitsa yekha.

CITHANDIZO CILIPO

Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, Unduna wa Zaumoyo wakhala ukuphunzitsa anchito oona za matenda a maganizo, amene pa Cipwitikizi amachedwa técnicos de psiquiatria, ndi kuwatumiza m'zipatala za m'maboma. Yambani pa cipatala ca pafupi nanu, iwo adzakutumizani koyenera.

Kumeneko wodwala amapatsidwa mankhwala ena oletsa kunjenjemera ndi kugwa, ndipo amawacepetsa pang'onopang'ono mpaka thupi litakhazikika. Pambuyo pake pamafunika uphungu, nchito ya manja ndi banja losamutaya. Ena amabwereranso ku cizolowezi cao kamodzi kapena kawiri asanaciriretu. Akatero, mubwerere naye ku cipatala. Wodwala malungo akadwalanso sitimuthamangitsa pamudzi.

MKWIYO WATHU UPITE KWA NDANI?

Upite kwa wogulitsa ndi kwa amene amamuteteza. Mu 1997 Nyumba ya Malamulo ya Moçambique inakhazikitsa Lamulo 3/97, lopereka cilango ca zaka zambiri m'ndende kwa ozembetsa ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo. Koma lamulo silidziyendetsa lokha. Mfumu imene idziwa nyumba yogulitsiramo mapiritsi n'kukhala cete, ili ndi mlandu kwa anthu ake. Wanchito wa pa cipata amene alandira ciphuphu kuti katundu adutse osasecedwa, akugulitsa ana a eni ake.

Conco aliyense wobwera kudzapempha voti yanu mumufunse pamaso pa anthu: Kodi cipatala ca boma lathu cili ndi wanchito wa matenda a maganizo? Kodi mankhwala alimo? Kodi wogulitsa akagwidwa, mlandu wake umathera kuti? Amene ayankha ndi malaya ndi citenje, sanayankhe.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukamuona akumira, mutengereni ku cipatala lero.