Pa mkangano wa tauni ndi mudzi, ife tili ndi mayi wa kwa Jenala

Asisi, tiyeni tiuzane chilungamo. Nkhani ya ndalama za chitukuko ikangoyamba, ife a m'tauni timathamangira kunena kuti msonkho timalipira ndife, ndiye misewu iyambire kuno. Akumudzi nawo amati zabwino zonse zimathera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ife tasankha mbali, ndipo ena simukondwa nazo: tili ndi mayi wa kwa Jenala ku Phalombe.

Za msonkhozo tiyambe tathana nazo. Pa lita iliyonse ya petulo pali kandalama kamene kamapita ku Roads Fund Administration kuti kakakonze misewu. Mayi woyembekezera akakwera kabaza wa njinga yamoto kwa Jenala, nayenso walipira. Akagula mayunitsi a foni, msonkho ulimo. Koma interchange ili pa Area 18, msewu wa malaini sikisi uli ku Lilongwe, pomwe iye mvula ikagwa ulendo wa kusikelo umathera m'matope.

Phalombe idakhala boma palokha mu 1998, koma idadikira zaka zoposa 20 kuti ione chipatala chachikulu cha boma, chija chili ku Migowi. Tangoganizani, atsikana obadwa chaka chimenecho ena adafika pobereka ana awo chipatalacho chisanatsegulidwe. Namondwe Freddy atafika mu Marichi 2023 tidalira ndi Chilobwe, ndipo kunali koyenera. Koma ku Phalombe nako madzi adakokolola nyumba, minda ndi milatho. Ndi angati mwa ife tidafunsako ngati milathoyo idamangidwanso?

Sitikunena kuti ku Ndirande kapena ku Mtandire kuli bwino, ayi. Nakonso amayi amadzuka mbandakucha kukaima pamzere wa madzi. Kungoti ife tikadandaula, mtolankhani amafika tsiku lomwelo. Wa kwa Jenala amadikira kampeni.

Pano maso onse ali pa CDF. Pa kampeni ya 2025 tidalonjezedwa K5 biliyoni pa dera la phungu aliyense chaka chilichonse. Ndalama zambiri zedi, eti? Koma kufika ku khonsolo sikufika kwa mayi. Zofuna za mudzi zimayambira mu VDC, kenako ADC, ndiye zipite ku khonsolo. Ngati m'makomiti amenewa amayi ntchito yawo ndi kuphikira alendo ndi kuimba nyimbo basi, chiyembekezo cha amayi oyembekezera chidzakhala kumapeto kwa mndandanda, mjigo nawo chimodzimodzi.

Ndiye tikupempha khonsolo ya Phalombe kuti izimata poyera, m'Chichewa, ntchito iliyonse ya kwa Jenala, mtengo wake ndi dzina la kontrakitala. Inunso asisi amene muli ndi kwanu, sabata ino mukamatumiza ya sopo pa Airtel Money kapena Mpamba, musadule foni msanga. Afunseni amayi kapena azakhali kuti mu ADC yakwanuko muli amayi angati, ndipo msonkhano wotsatira uliko liti.