Timu yanu ni yolema? Osathamanga, sewelani na nthawi

Ba guys, sabata ino tili pa Blood Bowl, ija gemu ya pa tebulo ya Games Workshop ya ku Nottingham, England, yamene Jervis Johnson anapanga mu 1986. Ni bola ya pamanja monga ya ku America, koma osewela ni ma Orc, ma Elf na ma Dwarf, ndipo zonse zimayenda na ma dice. Ilipo na pa kompyuta: Blood Bowl 3 inatuluka mu 2023.

Ngati munasankha ma Dwarf, kubaba kwake mukudziwa. Anyamata anu ni akosa monga simenti, koma ambili amayenda ma square 4 chabe pa turn imodzi. Mnzanu wa ma Elf alumpha apa, aponya apo, wagoletsa imwe mukali kuganiza. Mukayesa kumupisha, ninshi mwaluza kale. Timu yolema imawina na nthawi, osati na mendo.

Yambani na masamu. Hafu iliyonse ili na ma turn 8. Kuchoka pa mzele wa pakati kufika kogoletsa ni ma square 13. Turn yoyamba tolani bola, yachiwili fikani pakati. Kwasala ma turn 6, ndiye kuti ma square awili olo atatu pa turn iliyonse akwana. Manje kuthamanga ni kwa chani?

Bola itoledwe na Runner. Eve amayenda ma square 6 ndipo ali na Sure Hands: akalephela kutola, muponyanso dice mahala. Ngozi yogwetsa imatsika kuchoka pa 1 mwa 3 kufika pa 1 mwa 9.

Akatola, mumangileni khola, yamene osewela amaitana kuti cage. Runner pakati, anyamata 4 pa makona onse. Lamulo lake ni limodzi: pomaliza turn, wa pa kona asakhale wogundana na mdani. Akagundana, bazamukankha, chitseko chaseguka, bola yayenda. Mdani ali na Blitz imodzi chabe pa turn, so musamupatse nkhonya zina za bonasi.

Pomenya, osakonda dice imodzi. Sendezani mnzake pafupi athandizile kuti muponye ma dice awili na kusankha mweka. Osewela wamene ali na Block amagwa kamodzi chabe mwa 36 pa ma dice awili. Wamene alibe, kamodzi mwa 9. Ndipo osaiwala turnover: wanu akagwa, turn yanu yasila pamene apo. Ndiye yambani na vosafuna dice, kuimika ogwa na kumanga khola. Vangozi vibwele pothela.

Manje apa ndiye pali nzelu ya madala, yamene amaitana 2-1 grind. Ngati mpata ulipo, sankhani kuchaya kick-off hafu yoyamba. Muvutitseni mdani mpaka agoletse msanga, pa turn 2 olo 3. Osadandaula, bola yabwela kwa imwe na ma turn 6 olo 7. Yendani pang'ono pang'ono, mugoletse pa turn 8: 1-1. Hafu yachiwili ndimwe olandila. Sungani bola ma turn onse 8, uku muchepetsa anyamata ake umodzi umodzi, mugoletse pothela. 2-1, ndipo eve wasala na turn imodzi chabe yobweza.

Koma chenjelani, kuchedwa nako kumapaya. Pomaliza turn 7, Runner akhale ma square 6 kuchoka kogoletsa. Mungaonjezeleko awili na Rush, koma dice ikagwa pa 1, wagwa chamutu, nchito ya hafu yonse yapita m'madzi. Sungani re-roll imodzi ya turn yomaliza. Ndipo ngati khola yayamba kung'ambika pa turn 6, goletsani chabe. Chigoli cha m'manja chipambana pulani yabwino.

Poteteza, osaunjika onse kutsogolo. Lamulo lifuna atatu pa mzele. Siyani awili kumbuyo, chifukwa Elf akakupitani simuzamugwila.

Mnzanu azakamba ati gemu yanu ibowa. Mulekeni akambe, imwe welengani ma turn. Yesani weekend ino, tizaonana sabata ya mawa.