Kalata Yotseguka kwa Mkulu wa Malawi Institute of Education, Domasi

Wolemekezeka,

Ndikulemba kuchokera ku Chintheche kudzapempha buku limodzi: nkhani ya mwana woferedwa, yoti mwana mnzake akaiwerenga adzionemo.

Kuno kunyanja maliro sasowa. Mwera ukawomba usiku, bwato la asodzi a usipa limatha kupita osabwerako. Bambo amene anatsikira ku Joni kukasaka ntchito amabwera ali m'bokosi. Pasiwa aliyense ali ndi malo ake: amayi m'nyumba, abambo panja pamoto, akwaya akuimba mpaka mbandakucha. Nanga mwana? Amatumidwa kukatunga madzi. Akafunsa amauzidwa kuti alimbe mtima, wamng'ono kumunamiza kuti bambo ali paulendo. Sabata ikatha wabwerera m'kalasi, aphunzitsi n'kumadabwa kuti mnyamata wofatsa uja wayamba ndewu, mtsikana wakhama uja akungoyang'ana kunja.

Mu 1974 ku America mphezi inapha kamtsikana ka zaka 8, mnzake wa mwana wa Katherine Paterson. Posowa chomuuza mwana wakeyo, mayiyu analemba Bridge to Terabithia, buku limene linatuluka mu 1977 n'kupata mphoto ya Newbery Medal mu 1978. M'nkhaniyo Leslie amamira mumtsinje chingwe chowolokera chitaduka, tsiku lomwe mnzake Jess anapita ku Washington osamuitana. Jess amakana kuti zachitikadi, amakwiyira malemuwo, amadziimba mlandu. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti wolembayo samudzudzula ngakhale pang'ono. Mwana wa pa Bandawe amene mnzake anatsalira m'madzi akusambira limodzi amanyamula mlandu womwewo, ndipo alibe womuuza kuti enanso anaumvapo.

Kulimasulira bukuli kungathandize, koma ife tikufuna lathu, la kondowole ndi ziwaya za usipa, la agogo olera adzukulu asanu, la katundu wa malemu wogawidwa ana akuonerera. Njira yake mukuidziwa. Buku la Nthondo la Samuel Josiah Ntara, lomwe linasindikizidwa mu 1933, linabadwira pa mpikisano wa zolembalemba. Itanani mpikisano wotero mogwirizana ndi Malawi Writers Union, mulandire zolemba m'Chichewa ndi m'Chitonga chomwe, poti ana akuno amalira m'Chitonga.

Pempho langa lalikulu lili pa oweruza. Musawalamule kusaka phunziro kumapeto kwa nkhani. Nthano zambiri zomwe timapatsa ana zimathera pa chilango cha mwana wosamvera, ndipo wamasiye akamaziwerenga amayesa kuti imfayo ndi malipiro a zolakwa zake. Phunziro la Life Skills limatchula njira zothetsera nkhawa, koma zimenezo ana amangoloweza kuti akhoze mayeso.

Buku lopambanalo muliike pamndandanda wa mabuku a Fomu 1 ndi 2, ndipo mupemphe a National Library Service alifikitse kusukulu za m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Tukombo mpaka ku Usisya.

Ndine,
Kholo la ku Chintheche