Mwana wadzipangira yekha chovala, ife tikuti ndi usatana

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndalemba mtima uli m'mwamba pang'ono. Mundikhululukire.

Loweruka lapitali tinali ndi zisangalalo pasukulu pathu, zija timati variety show. Mnyamata wina wa Fomu 3, wofatsa, amene m'kalasi umachita kumukoka kuti ayankhe funso, anatulukira atavala ovolosi ya olenji, tsitsi lachikasu losongokasongoka, ndi kansalu pachipumi kokhala ndi kachitsulo. Holo yonse inaphulika ndi mfuwu. Ana anazindikira pomwepo kuti ameneyu ndi Naruto, wa m'makatuni a ku Japan. Koma sanathe ndi mphindi ziwiri zomwe pasiteji. Mnzathu wina anamutsitsa n'kumulanda kansalu kaja, ndipo pofika Lolemba nkhani inali itakula mu sitafu lumu. Akuti chizindikiro cha pakachitsulo kaja ndi cha usatana, makolo aitanidwe.

Ndinangofunsa funso limodzi: ndani mwa ife anaonerapo katuniyo? Kunali zii.

Chizindikirocho ndi tsamba. M'nthano imene Masashi Kishimoto anayamba kujambula mu 1999 n'kumaliza mu 2014, mudzi wa Naruto umadziwika ndi tsamba, ndipo anyamata ndi atsikana akumeneko amalivala pachipumi monga momwe ana athu amavalira baji ya sukulu pachifuwa. Nkhani yake ndi ya mwana wamasiye amene mudzi wonse umamusala, iye n'kulimbikira mpaka kudzakhala mtsogoleri wawo. Inde, muli nkhandwe yoopsa ya michira isanu ndi inayi. Nanga Macbeth amene timaphunzitsa uja sayamba ndi afiti atatu? Chaka chatha ndinaveka ndekha atsikana atatu masaka ndi kuwapaka phulusa kuti asewere afitiwo, ndipo anzanga omwewa anaomba m'manja kuti ana amvetsa bukulo.

Zimene anachita mwanayu zili ndi dzina lake, cosplay. Anthu a ku Japan ndiwo anaphatikiza mawu awiri a Chingerezi, costume ndi play, m'zaka za m'ma 1980. Ndi kuvala ngati munthu wa m'buku, m'filimu kapena m'katuni amene umamukonda, n'kumayenda ndi kuyankhula ngati iyeyo. Koma sizinayambe dzulo. Mu 1939, pamsonkhano wa okonda nthano za sayansi ku New York, Forrest Ackerman ndi Myrtle Douglas anafika atavala zovala za anthu a m'tsogolo, ndipo anasoka ndi mayiyo. Ku Nagoya kumachitika mpikisano wa dziko lonse, World Cosplay Summit, umene unayamba mu 2003. Pafupi pompa ku Johannesburg kuli Comic Con Africa kuyambira 2018. Onse amene amapita kumeneko ndi a satana?

Tisamadzinamize ngati ife tinakula tili angelo. Amene tili m'zaka za m'ma 40 tikukumbukira mavidiyo sho a pa trading centre. Tikatuluka kuonera Rambo tinkang'amba chitenje cha amayi n'kumanga kansalu kofiira kumutu, mfuti ya phesi la chimanga m'manja. Tikaonera Bruce Lee tinkavula malaya n'kumangirira timitengo tiwiri ndi chingwe. Ena a ife lero ndi akulu a mpingo. Pa Lachisanu Loyera timaveka anyamata zisoti za makatoni kuti akhale asilikali a Chiroma, pa Khirisimasi timakulunga ana m'mashiti kuti akhale abusa ndi angelo. Palibe amene amaitanitsa makolo.

Vuto lathu ndikulidziwa. Timaopa zovala. Tinabadwira m'dziko limene lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa mokakamiza. Lamulolo linatha pamene tinkalowa m'ndale za zipani zambiri, koma m'mitu mwathu silinathe. Zinatengera khothi lalikulu ku Zomba mu 2023 kuti litiuze kuti mwana wachi Rasta aloledwe m'kalasi ndi tsitsi lake. Tikaona chinthu chachilendo pathupi la mwana timathamangira ku chilango tisanafunse n'komwe.

Chikundipweteka kwambiri n'chakuti izi zikuchitika kuno ku Ntcheu, kumene timadziwa kuti chovala chimayankhula. Pitani ku Nkolimbo pa Umhlangano mukaone aphunzitsi, akalaliki ndi madalaivala amene sabata yonse amavala mataye, atavala zikopa ndi nthenga, chishango ndi chibonga m'manja, pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani V. Sindikunena kuti ngoma ndi cosplay, ayi, ndingapalamule mlandu waukulu. Uja ndi mwambo wa makolo, si masewera. Koma luso lofufuta chikopa, kumanga nthenga kuti zisagwe munthu akaponda pansi mwamphamvu, ndi luso lomwelo limene mwana uja amafunafuna. Pamene Ruth Carter ankakonza zovala za filimu ya Black Panther ya 2018, chisoti cha mfumukazi anachitengera ku chisoti cha amayi okwatiwa a Chizulu, abale athu a kumene tinachokera. Mu 2019 analandira nacho mphoto ya Oscar pa ntchito ya zovalayo. Anthu akunja akudyera zinthu za makolo athu, ife tikulanda ana timasingano.

Malire alipo, ndipo ndimawauza ana mosapsatira. Gule Wamkulu musamuyerekeze. Mukapita ku Mua mukaona zigoba ngati za Simoni ndi Maliya, zoonetsa kuti Achewa anayamba kalekale kuyang'anitsitsa alendo n'kuwasema, koma zimenezo zili ndi eni ake kudambwe, si za pa variety show. Chikopa cha kambuku asiyireni mafumu. Chovala chisaphwanye malamulo a sukulu pa nkhani ya ulemu, ndipo mpeni weniweni usaoneke. Kupitirira apo, tiwasiye ana.

Tsopano ndiyankhule ndi inu amene mukufuna kuyamba, chifukwa inunso ndili nanu mawu. Ambiri mumaona zithunzi pa TikTok ndi pa Facebook n'kumaganiza kuti kuyamba ndi kuitanitsa chovala chosokeratu kuchokera ku China kapena kutuma achimwene a ku Joni. Kumeneko ndi kugula chabe, aliyense wa ndalama angathe. Ndipo mwana amene adzatenge ndalama ya mayeso n'kugulira wigi, ine ndidzakhala woyamba kumutengera kwa ahedi.

Mnyamata uja ndinakhala naye pansi kuti andifotokozere momwe anachitira, ndipo njira yake ndi yabwino kuposa imene ndikanamuphunzitsa. Anasankha munthu wa chovala chosavuta, chodziwika ndi mtundu wake kuchokera patali. Anasunga pafoni ya mlongo wake zithunzi zitatu, cha kutsogolo, cha kumbuyo ndi cha m'mbali, n'kujambula m'kope chidutswa chilichonse pachokha: jekete, thalauza, kansalu, tsitsi, nsapato. Kenako anafunsa pa chilichonse kuti kodi ichi ndigula, ndisintha kapena ndipanga? Ovolosi anaipeza pakaunjika pa boma atasakasaka masabata atatu (akuti wogulitsayo anamufunsa ngati walowa chipani cha olenji). Anaidula pakati, telala wa pakhonde anangomuthandiza kuika zipi ndi nsalu yakuda pamapewa, zotsalazo anasoka pamanja. Tsitsi ndi ulusi wolukira majuzi, womangidwa timitolo pa kachipewa kakale n'kuumitsidwa ndi guluu wa matabwa. Kachitsulo kaja ndi chitini chimene anachiwongola, kupinda m'mbali kuti chisamucheke, n'kugogoda tsambalo ndi msomali.

Onani masamu ali mmenemo. Kuyeza thupi, kukulitsa chithunzi chaching'ono kuti chikwane munthu, kuwerengera ndalama. Mwana yemweyu pa mayeso a ratio anapeza zochititsa manyazi.

Amene mukufuna zisoti ndi zovala zankhondo, musadandaule kuti kuno kulibe siponji yolimba ija amagwiritsa ntchito kunja. Makatoni a m'magolosale a pa Lizulu kapena pa Kampepuza amakwanira. Dulani kaye pepala muyese pathupi, likakwana ndiye mudule katoni. Matani timapepala ta nyuzipepala ndi phala la ufa wa chinangwa, kawiri kapena katatu, kuyanika padzuwa mpaka kuuma gwa musanamatenso, apo ayi zichita nkhungu. Mukatero pakani penti. Mapatapata akutha amadulika bwino kupanga zokongoletsa, ndipo waya wa magalimoto aja munkapinda muli aang'ono ndiye mafupa a mapiko ndi nyanga. Penti ya pakhoma isafike pakhungu. Timagalasi tosintha mtundu wa maso tisiyeni, maso sagula pamsika. Tsiku lisanafike valani chovala chonse kwa ola lathunthu, muyende, mukhale pansi, mukweze manja. Chimene chimakoma kuvala mu Juni ku Tsangano chikhoza kukukomolani m'holo yodzaza mu Okutobala.

Ndipo musaganize kuti anthu ovala ali ku Japan ndi ku America kokha. Supa Team 4, katuni ya Malenga Mulendema wa ku Zambia imene inatuluka pa Netflix mu 2023, ndi ya atsikana anayi a sekondale a ku Lusaka. Atsikana a Fomu 2, mukudikira chiyani? Kalulu ndi Fisi a m'nthano za agogo nawonso sanapangidwepo chovala chooneka bwino pasukulu pano, timangomata makutu a pepala basi.

Makolo a mnyamata uja aitanidwa Lachisanu. Ndapempha ahedi kuti ndidzakhale nawo, ndipo ndidzatenga kope lake lija la zojambula kuti bambo ake adzaone zimene mwana wawo wakhala akuchita masabata asanu ndi limodzi. Kansalu kaja kadakali m'kabati mu sitafu lumu. Ndakafunsa kawiri, mawa ndikafunsanso. Inu ana anga akale amene muli ndi makina osokera ongokhala kapena zidutswa za nsalu, kalabu ya zisudzo imakumana Lachitatu masana, ndipo teremu ino tiyamba ndi zisoti.