Cepetsani liwiro la rauta musanagule ina

Makomo ambiri lomba ali ndi kabokosi kogawa intaneti kochedwa rauta, ndipo dandaulo lofala ndi lakuti intaneti imaduka madzulo. Amai ali pa WhatsApp ndi mwana wao wa ku Kitwe, mau ayamba kudukiza, kenaka zii. Ena amathamangira kukagula rauta ina kapena kusintha kampani. Ine ndikuti musanataye ndalama ya feteleza, yesani cinthu comveka ngati misala: letsani rauta yanu kuthamanga pa liwiro lake lonse.

Taganizirani za kucigayo. Wina wafika ndi ngolo ya matumba 20, pambuyo pake pali mai wa kathini kamodzi ka ufa wa madzulo ano. Cigayo sicinafe, cikulira bwino lomwe, koma maiyo adzacoka kutada. Intaneti nayo imatero. Zonse zocoka m'nyumba zimaima pa mzera, ndipo zida zambiri zinapangidwa kuti zizisunga mzera wautali. Foni ya mwana ikayamba kutumiza vidiyo, kapena kukweza yokha zithunzi ku Google Photos, matumba adzaza pakhomo. Mau anu, amene ndi kathini cabe, amacedwa mpaka WhatsApp iyesa kuti njira yaduka. Vutoli linachuka mu 2010 pamene katswiri wa ku America, Jim Gettys, analipatsa dzina lakuti bufferbloat.

Njira yotumizira ndiyo imadzaza msanga cifukwa nthawi zambiri ndi yopapatiza kuposa yolandirira. Ngati mutumiza pa 2 Mbps, vidiyo ya 50 MB imatseka njira kwa mphindi zoposa 3.

Mankhwala ake sagulidwa. Pimani liwiro lanu pa fast.com madzulo, pamene anthu ambiri ali pa intaneti, mafoni ena onse a m'nyumba atazimitsa Wi-Fi. Kenaka lowani mu rauta. Keyala yake, monga 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, imalembedwa kunsi kwa kabokosiko. Funani pamene palembedwa QoS, Bandwidth Control kapena SQM, ndipo ikani malire pa magawo 85 kapena 90 pa 100 a zimene mwapeza. Mwapeza 10 Mbps polandira ndi 2 potumiza? Lembani 8.5 ndi 1.7. Mukatero mzera umacoka ku zida za kampani, kumene mulibe mau, ndi kubwera mu rauta yanu. SQM ndiyo yabwino koposa, pakuti imacita ngati wa pacigayo wanzeru amene amalowetsa kathini pakati pa matumba.

Ndidziwa kuti wina adzati: ndinalipira 10, ndilandirirenji 8.5? Funso la nzeru, pakuti ndalama siibwera mofewa. Koma palibe amene amazindikira kuti filimu yacedwa masekondi ocepa, pomwe aliyense amamva mau akaduka pakati pa nkhani ya matenda, kapena fomu ya sukulu ikakana kupita. Ndiponso malirewa sadya bandulo yanu. Ma GB munagula ali momwemo.

Ndisakunamizeni kuti izi zicilitsa zonse. Magetsi akazima pa nsanja, netiweki ikakhala yofooka kapena bandulo ikatha, malire sathandiza. Kwa ife a 4G liwiro limasinthasintha, ndiye cifukwa cake muyenera kupima pa nthawi yoipa, osati mbandakuca. Kuti mudziwe ngati vuto lanu ndi mzera, imbani foni ya WhatsApp pamene wina akutumiza vidiyo yaikulu. Ngati mau akuduka pa nthawi yokhayo, mwamupeza mwini mlandu.

Tumarauta tating'ono ta m'thumba kawirikawiri tilibe pocepetsera liwiro. Pamenepo zimitsani zokweza zithunzi zokha pa mafoni onse, ndipo mupangane pabanja kuti mavidiyo aakulu azitumizidwa anthu atagona. Ogulitsa nao atithandize: pogulitsa rauta azichula ngati ili ndi QoS, osangoonetsa nambala yaikulu ya pa katoni.