Nsapato simanga minofu, azisisi. Tisagulitsidwe zimene ena anazikana kale

Sabata yatha tinali pa Mlangeni, ku Ntcheu, kucheza ndi atsikana anzathu akumeneko. Titamaliza tinadzera pa kaunjika. Mukudziwa kale, mulu wa nsapato sungaudutse osawerama. Pamwamba pa mulu panali nsapato ina yachilendo: pansi pake pokhuthala, pokhota ngati bwato, moti ukaiika pansi imagwedera yokha. Wogulitsa anatiwerenga msanga. "Sisi, izi ndi za jimu. Mungoyenda nazo basi, mbina imadzuka yokha, mimba phwa!" Mnzathu wina anali atayamba kale kutsegula kachikwama.

Sitikumuseka mnzathuyo ayi. Ndani mwa ife sanaimepo pa status ya WhatsApp n'kumayang'anitsitsa ma waist trainer, malamba otulutsa thukuta, kapena ma leggings oti amasungunula mafuta a m'ntchafu? Kumanzere chithunzi cha "kale", kumanja cha "pano", pansi nambala yotumizirako ndalama. Ndiye tiyeni tifunse poyera: zinthu zimenezi zimagwiradi ntchito? Ife tikuti ayi. Ndipo kumene zinachokera, nkhani yake inafika kale m'manja mwa boma.

Ku America kuli bungwe la boma loteteza ogula lotchedwa Federal Trade Commission. Mu 2011 linapanikiza kampani ya Reebok chifukwa cha nsapato zake za EasyTone. Reebok inkalengeza kuti ukamayenda nazo, minofu ya m'matako imalimba kuposa ndi nsapato wamba ndi maperesenti 28, ndipo ya kuseri kwa ntchafu ndi akatumba a kumiyendo ndi maperesenti 11. Bungwelo linati umboni wake palibe. Reebok inavomera kupereka madola 25 miliyoni oti abwezeredwe kwa ogula. Chaka chotsatira, mu 2012, inali nthawi ya Skechers ndi nsapato zake za Shape-ups, zomwe ankatsatsa ndi Kim Kardashian. Iyo inapereka madola 40 miliyoni. Zinadziwikanso kuti munthu amene anachita kafukufuku wina woyamikira nsapatozo anali mwamuna wa mmodzi mwa mabwana otsatsa malonda pakampani yomweyo. Makampani onse awiri sanavomere kuti analakwa, koma ndalama zinatuluka.

Izi zisanachitike, mu 2010, bungwe la American Council on Exercise linapempha akatswiri a pa University of Wisconsin-La Crosse kuti ayese okha. Anatenga amayi achitsikana, kuwayendetsa pamakina a mu jimu, ulendo wina atavala Shape-ups, wina EasyTone, wina MBT, wina nsapato wamba yothamangira. Anayeza mmene minofu ikugwirira ntchito komanso mphamvu imene thupi likutentha. Kusiyana kogwirika sikunapezeke.

Zovala nazo zinagwidwa chimodzimodzi. Mu 2014 bungwe la boma lija linatsutsa makampani awiri, Wacoal America ndi Norm Thompson Outfitters, amene ankagulitsa zovala zam'kati zothira caffeine, uja amapezeka mu khofi, n'kumati zimachepetsa ntchafu ndi chiuno. Nawonso anabweza ndalama.

Ndiye taganizani. Katundu akathedwa nzeru kumeneko sataidwa. Amamangidwa m'mabelo, kukwera sitima, n'kudzatera pamulu ku Mlangeni, ku Lilongwe, ku Limbe, bodza lake lili lonse. Wogulitsa uja mwina sadziwa n'komwe, akungobwereza zimene anamva. Koma mtsikana wa ku America anabwezeredwa ndalama zake. Ife adzatibwezera ndani?

Wina anena kuti, "Koma ine nditavala, miyendo inandiwawa, ndiye kuti ikugwira ntchito." Imawawa chifukwa nsapatoyo ikukugwedezani ndipo thupi likulimbana kuti musagwe. Pakapita masiku limazolowera, basi zathera pomwepo. Ndiponso taonani misewu yathu, mabampu, miyala, matope a dzinja. Nsapato yopangidwa dala kuti igwedere, pamsewu wotere, n'kuitana kubinya phazi.

Winanso ati, "Lamba uja ndikavula ndimakhala nditanyowa, mafuta akutuluka." Ayi asisi, limenelo ndi thukuta, ndipo thukuta ndi madzi. Mukamwa makapu awiri, sikelo ibwerera pakale. Mafuta satuluka pakhungu. Thupi limawatentha likafuna mphamvu, ndipo ambiri mwa iwo amatuluka ngati mpweya tikamapuma. Thupi silifunsanso kuti lamba mwamanga pati kuti lichotse mafuta pamenepo.

Waist trainer ndiye amangofinya. Mukavala, chiuno chioneka chaching'ono. Mukavula, chibwerera mwakale. Pakati apo mwapuma mobanika tsiku lonse, chakudya chikukubwererani kukhosi, chilungulira chili tho. Ndipo ntchito yogwira msana ndi mimba, imene minofu imayenera kugwira yokha, mwaipatsa nsalu ndi timawaya. Mnofu umene sukugwira ntchito sulimba. Amene mwangobereka kumene, tikudziwa anthu amakupanikizani kuti mimba ibwerere msanga. Kumanga chitenje pamimba, monga amachitira amayi athu, ena kumawathandiza kumva kugwirika, koma sikusungunula mafuta. Thupi lanyamula munthu miyezi 9, lipatseni nthawi. Ngati munachitidwa opaleshoni, funsani kaye achipatala musanamange chilichonse.

Nanga minofu imalimba bwanji? Yankho lili pa Mlangeni pomwepo. Pali sukulu yophunzitsa apolisi. Mtsikana akalowa kumeneko n'kutuluka patapita miyezi, thupi limakhala lasintha, ndipo palibe amene anganene kuti ndi chifukwa cha yunifolomu. Ndi kuthamanga m'mamawa kuli chisanu cha ku Ntcheu, tsiku ndi tsiku. Taonaninso mikono ya amayi amene amanyamula madengu a mbatatesi ndi kabichi m'mbali mwa msewu wa M1. Sitikukometsa ntchito yawo, ndi yowawa ndipo misana imawapweteka. Koma ikutionetsa chinthu chimodzi: mnofu umamvera katundu. Ukaupatsa ntchito yolemerako kuposa imene unazolowera, n'kuupatsa chakudya ndi tulo, umakula. Temwa Chawinga sanasankhidwe kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya mpira wa amayi ku America mu 2024 chifukwa cha lamba wa pamimba. Mwai Kumwenda sanafike ku Australia ndi nsapato yogwedera.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, monga kuyenda mwandawala, ndiponso masiku awiri kapena kuposerapo azichita zolimbitsa minofu. Pa mndandanda umenewu palibe chogula. Mphindi 30, masiku asanu, zakwana 150. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, muyende. Lumphani chingwe pakhonde. Khalani ngati mukukhala pampando n'kudzukanso, kakhumi, kupuma, kubwerezanso. Zikayamba kupepuka, nyamulani chigubu cha malita 5, chimenecho ndi makilo 5. Bwererani ku mpira wa manja umene munausiya ku sekondale. Akuluakulu anati kanthu ndi khama, phwiti anakwatira njiwa.

Tisamvane molakwika. Sitikunena kuti musagule zovala za jimu. Bra yogwira bwino mabere ndi yofunika, ambiri timasiya kuthamanga chifukwa cha kuwawa kwa pachifuwa. Nsapato yokukwanani, yosagwedera, imateteza mapazi, ndipo pa kaunjika pomwepo imapezeka. Leggings ndi yabwino chifukwa umatakasuka nayo. Mukafuna kuvala chofinya pansi pa diresi pa ukwati wa mnzanu, thupi ndi lanu, valani, bola mukudziwa kuti ndi cha tsiku limenelo basi. M'dziko muno lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauza mpaka pamene ndale za zipani zambiri zinkabwera, ndipo mu Januwale 2012 mavenda ena anavula amayi mumsewu ku Lilongwe chifukwa cha mathalauza ndi masiketi aafupi. Ufulu wovala zimene tikufuna sunabwere pambale. N'chifukwa chake zimatiwawa kuona ufulu womwewo ukusanduka msika wotinamiza.

Paja malonda amenewa amayamba ndi kutichititsa manyazi. Lero akuti mimba yakula, mawa akuti mbina yachepa, ndipo aliyense amene akunena ali ndi chogulitsa m'manja. Ndalama yake ndi yomwe ija timaisaka movutikira: ya lendi, ya mapadi, ya bando, ya kubanki nkhonde.

Ndiye wina akakuonetsani lamba kapena nsapato yozizwitsa, mufunseni: anayesa ndani, pa anthu angati? Ndikavula, zikhalabe? Zikapanda kutheka, mundibwezera? Chithunzi cha "kale" ndi "pano" si umboni, tonse timadziwa kukoka mimba ndi kusankha poima pojambulitsa. Ndipo ngati sitolo kapena kampani yakugulitsani chinthu ndi malonjezo abodza, kuno kwathu kuli Competition and Fair Trading Commission, kulinso bungwe la ogula la CAMA. Kudandaula si kuvuta.

Mnzathu uja nsapato ya bwato anaibwezera pamulu. Anasankha ina yafulati, yotsikirako mtengo, chenji n'kugula mbatatesi zopita nazo kunyumba. Loweruka likubwerali tagwirizana kuti tikayende limodzi m'mamawa. Inunso pezani mnzanu mmodzi kapena awiri, poti mumsewu kuyenda pagulu kumathandiza, muyambe ndi mphindi 30.